Kalata yotseguka kwa akuluakulu a boma la Salima pa za oyimba a hip hop ndi house

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Salima,
Wapampando wa khonsolo ndi makhansala onse,
Aphungu a Nyumba ya Malamulo ochokera m'boma lino,
Mafumu athu aakulu,
ndi akuluakulu a bungwe loteteza umwini wa luso la COSOMA.

Olemekezeka nonse,

Ndasankha kulemba kalatayi poyera chifukwa nkhani imene ili m'menemu si ya ofesi imodzi, ndipo ndikanati ndiyende nayo khomo ndi khomo, aliyense wa inu akanandilozera kwa mnzake. Nkhaniyi ndi ya achinyamata a boma lino amene amayimba nyimbo za chamba cha hip hop ndi house. Ambiri a ife timawaona ngati ana osokosa, pamene iwo ali pantchito yodyetsa mabanja, ntchito imene sititchula n'komwe tikamakambirana za chitukuko monga timachitira ndi usodzi, ulimi wa mpunga, thonje ndi nzimbe. Ine ndimabwereketsa zida zoyimbira pa Kamuzu Road, zomwe ndi masipika, mikisa, maikolofoni ndi jenereta. Pa ntchito imeneyi ndimafika pamalo a chisangalalo anthu asanafike ndipo ndimachoka onse atabalalika, choncho zochitika kuseri kwa nsanja nthawi yolipirana ikakwana ndimaziona ndi maso angawa.

Inu nonse mukudziwa kuti gombe la Senga Bay, lomwe lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera paboma, lakhala likulandira ena mwa maphwando akuluakulu a nyimbo m'dziko muno. Phwando la Sand Music Festival, lomwe anayambitsa malemu Lucius Banda, lachitikira pamchenga wa Livingstonia Beach kwa zaka zingapo. Phwando la Lake of Stars, lomwe linayambira ku Chintheche mu 2004, linabwera kuhotela ya Kabumba m'boma lino mu 2018 pamodzi ndi gulu lotchuka la Major Lazer, ndipo mu 2024 linachitikira kwa anansi athu ku Nkhotakota. Masiku oterowo msewu wochokera ku Lilongwe umadzaza ndi galimoto, zipinda zogona alendo zimatha, ndipo akabaza ndi owotcha chambo amapita kunyumba matumba ali tho. Ndiye kuti palibe pakati panu amene angakane zoti nyimbo ndi malonda. Chimene ndikufunsa n'chakuti, pamalonda amenewa, omwe amachitikira pamchenga wathu, woyimba wobadwira ku Salima ali pati?

Kuti funsoli lisakhale la m'malere, ndikufotokozerani moyo wa woyimba mmodzi, amene dzina lake ndilisunga chifukwa sanandipemphe kuti ndimulembere kalata. Iye ndi mwana wa msodzi wa kufupi ndi Chipoka, ndipo anayamba kurapa ali pasekondale yoyendera, mnzake akumenya desiki ndi chibakera ndi cholembera m'malo mwa ng'oma. Mayeso a Fomu 4 anakhoza ndithu, koma malo kukoleji sanapeze, monga zimachitikira ndi ambiri. Nyimbo zake zoyamba anajambulira m'chipinda chogona cha mnzake wina paboma pano. Ndinalowamo m'chipindamo tsiku lina nditapita kukatenga chingwe changa chimene anabwereka. Kukhoma anali atakhomako matiresi akale ndi mathireyi a mazira kuti mawu asabwerere, maikolofoni anali ataiveka sokosi, ndipo pakona panali kompyuta yakale yokhala ndi pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio, yomwe inkatentha mpaka ankaikupiza ndi katoni. Ankajambula pakati pa usiku njinga zamoto zitaleka kudutsa, ndipo magetsi akathima asanasunge ntchito, zonse za usiku umenewo zinkapita.

Imodzi mwa nyimbo zimenezo inagwira moto. Anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi pamsika ankaiphatikiza ndi za oyimba otchuka, ophunzira ankatumizirana pa Bluetooth ndi pa WhatsApp, ndipo munthu ukakwera minibasi yopita ku Nkhotakota mumsewu wa M5 unkaimva kawiri kapena katatu usanafike pa Benga. Woika nyimbo uja ankalipiritsa aliyense wobwera ndi foni yake, mwini malo omwera mowa ankagulitsa zakumwa anthu akuvina, koma mwini nyimboyo sanaone ngakhale tambala wakuda. Oyimba a m'badwo wa Lucius Banda anali ndi pogulitsira matepi awo, monga kwa O.G. Issa, ndipo ngakhale ankadandaula za mitengo, ndalama inkafika m'manja. Msika umenewo unatha limodzi ndi matepi ndi ma CD. Achinyamata amauzidwa kuti masiku ano ndalama zili pa intaneti, ndipo n'zoona kuti Spotify, njira yomvera nyimbo pa intaneti, inafika ku Malawi mu 2021, koma omvera a mnyamata wa ku Chipoka ndi akabaza, asodzi ndi ophunzira, anthu amene amagula bandulo ya tsiku limodzi n'kuisamala ngati mchere wa m'chaka cha njala. Anthu otere sangamvere nyimbo pa intaneti mobwerezabwereza kuti woyimba apezepo kanthu.

Apa ndi pomwe anaphunzira kuti kutchuka sikugula ufa, ndipo anasintha kayimbidwe. Nyimbo za hip hop zimayenda mofatsa, kugunda kwake kumakhala cha m'ma 90 pamphindi, ndipo mphamvu yake ili m'mawu, moti zimafuna munthu wotchera khutu. Nyimbo za house zimagunda cha m'ma 120 kapena kupitirirapo pang'ono, ng'oma yaikulu ikugunda mosalekeza, ndipo zimadzutsa munthu pampando. Paukwati, nthawi ya perekaniperekani, akomiti safuna ndakatulo zakuya. Amafuna nyimbo yoti azakhali a mkwati anyamuke ndi ndalama m'manja. Choncho anaphunzira ntchito ya u-DJ, n'kuyamba kupanga yekha mabiti a house, ndipo kurapa anakusungira pamwamba pa mabitiwo. Ena mwa anzake anamunyoza kuti wagulitsa luso. Ine ndimaona kuti m'pamene luso lake linakula, chifukwa anapita kwa amayi ovina chimtali cha ku Khombedza ndi kwa anyamata a mganda, n'kujambula ng'oma ndi kuwomba m'manja kwawo, kenako n'kuzilukira m'mabiti ake. Nyimbo zimenezo mukazimva simungazisokoneze ndi za ku Johannesburg kapena ku Lagos. Njira imeneyi si yachilendo: Tay Grin anatchuka kunja kwa dziko lino chifukwa chobweretsa Gule Wamkulu mu hip hop, gule yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse.

Koma ntchito ya maukwati ili ndi nyengo yake. Imayamba anthu akakolola n'kugulitsa mbewu, imafika pachimake m'chilimwe, ndipo mvula ikagwa imazilala. M'miyezi ya dzinja woyimbayu amapalasa kabaza pakati pa Kamuzu Road ndi chipatala, atavala chipewa chophimba nkhope kuti omutsatira asamuzindikire. Pa zisankho za 2019 ndi za 2020 anapezako ndalama poyimba pamisonkhano ya ndale, koma ndalama imeneyo ili ndi mtengo wake, popeza a chipani china anasiya kumuitana kumaukwati a ana awo. Kenaka kunabwera mliri wa Covid-19, misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa, ndipo anagulitsa kompyuta yake n'kukwera basi ya ku Joni. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo n'zoona kuti Amalawi ena, monga Gemini Major, anakapanga dzina pojambula nyimbo ku South Africa. Mnyamata wathuyu anakathera kutsuka galimoto, ndipo anabwerera ndi chikwama chimodzi ndi mikisa yogwiritsidwa kale ntchito. Atangoyamba kudzuka, ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chimene timagwiritsa ntchito, kuyambira chingwe cha maikolofoni mpaka mafuta a jenereta, chimachokera kunja.

Tsiku limene linandipangitsa kuganiza zolemba kalatayi linali la phwando lina la kunyanja, lomwe sinditchula dzina lake kapena la olikonza. Woyimbayu anaitanidwa monga mwana wa pakhomo, ndipo anauza abale ake onse. Nthawi imene anapatsidwa inali 2 koloko masana, dzuwa la Salima lili paliwombo, mchenga ukuwotcha mapazi, alendo akadali m'zipinda kapena m'madzi. Omumvera anali alonda, ogulitsa zakumwa ndi ife a zingwe. Anayimba ngati pali chikhamu, thukuta likudontha pamikisa moti ankaipukuta ndi malaya. Atatsika anapeza kuti kachingwe ka pamkono kamene anamupatsa sikamulola kulowa kumalo opumira oyimba, ndipo madzulo ake ndinamuona akuthandiza kunyamula masipika a woyimba wochokera kunja, amene mbiri ya nyimbo zake amaidziwa pamtima. Za malipiro anauzidwa kuti amuona phwando likatha. Litatha anauzidwa kuti matikiti sanayende bwino, ndipo kuti ayamike chifukwa anapatsidwa mpata woti anthu amudziwe. Panalibe pepala lililonse limene anasainirana, choncho analibe poyambira kudandaula.

Lero munthuyu ali ndi ana awiri, khutu lake lakumanzere silimva bwino chifukwa choima pafupi ndi masipika kwa zaka zambiri, ndipo watsala pang'ono kupyola zaka 35, zomwe ndondomeko ya boma imaika ngati malire a unyamata. Akadzapyola pamenepo, ngakhale ngongole ndi maphunziro amene amaperekedwa m'dzina la achinyamata zidzamudutsa. Kumbuyo kwake kukubwera gulu lina la ana a ku Lifuwu, Ngodzi, Thavite ndi Senga Bay, amene akumenya madesiki monga ankachitira iye.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza, chifukwa ndamvapo mafumu ndi atsogoleri a mipingo akuzinena: nyimbo zimenezi ndi zachilendo, ndi zaphokoso, ndipo zimapita limodzi ndi mowa, kusuta ndi mawu otukwana. Mbali ina ya dandaulo limeneli ndi yoona. Alipo anyamata amene amayimba zolaula pamaso pa apongozi, ndipo oterowo ine ndimawazimitsira maikolofoni popanda kupepesa. Aliponso amene amaliza masipika mpaka mbandakucha pafupi ndi nyumba yomwe muli wodwala. Koma muone kumene timawasiya kuti aziyimbira. M'boma lino, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 470,000, woyimba wachinyamata amene akufuna kuonetsa luso lake nthawi zambiri amathera m'malo omwera mowa, chifukwa ndi komwe kuli magetsi, mpanda ndi chipata. Mwana wasukulu sangalowe kumeneko, kholo laulemu wake silingapiteko, ndipo woyimbayo amayimba zokomera anthu amene wawapeza, omwe ndi oledzera. Tikatero timamuweruza chifukwa cha malo amene tinamusankhira tokha.

Mbiri ya nyimbo ziwirizi ikutiphunzitsa kuti malo ndiye chiyambi cha zonse. Hip hop inayambira ku Bronx mumzinda wa New York mu 1973, pa chisangalalo chimene DJ Kool Herc anachititsa m'chipinda chochezera cha anthu okhala m'nyumba zosanja, ndipo ambiri mwa amene anabwera anali ana asukulu. House inakulira ku Chicago, m'malo ovinira otchedwa Warehouse, komwe DJ Frankie Knuckles ankayimba kuyambira mu 1977. Anthu a ku South Africa anaitenga, anaisakaniza ndi zakwawo mpaka kunatuluka kwaito ndipo pambuyo pake amapiano, ndipo mu 2022 DJ wa kumeneko Black Coffee anapata mphoto yotchuka ya nyimbo ya Grammy. Konseko kunali chipinda chimene achinyamata ankatha kulowamo sabata ndi sabata n'kumaphunzira pamaso pa anthu. Ndikupempha khonsolo kuti isankhe holo imodzi paboma ndi ina ku Senga Bay, kaya ndi ya khonsolo kaya ya sukulu, zoti oyimba a m'boma lino azibwereka pamtengo wodziwika ndi wotsika Loweruka masana, mopanda mowa, ndipo zonse zizitha dzuwa likamalowa. Boma limene lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa okwana 60 megawatts ku Nanjoka silingalephere kuika mapanelo ochepa padenga la holo kuti chisangalalo chisamaime pakati. Mafumu amene akudandaula za phokoso la usiku ndi amene ayenera kukhala oyamba kuchirikiza pempho limeneli, popeza ndi lomwe lingachotse nyimbo pawindo la odwala.

Pa za maphwando akuluakulu, mphamvu muli nayo kale m'manja mwanu, chifukwa palibe amene angamange nsanja pagombe lathu popanda chilolezo. Sindikupempha kuti muthamangitse alendo kapena kuti muwaikire msonkho wina. Tikuwafuna, ndipo achinyamata athu amaphunzira zambiri poonera akatswiri ochokera kunja. Ndikupempha kuti pa zinthu zimene wokonza phwando ayenera kuonetsa asanalandire chilolezo, monga za chitetezo ndi zimbudzi, muonjezerepo mapepala a mgwirizano ndi oyimba angapo a m'boma lino, osonyeza ndalama imene adzalandire, gawo limene alandiriretu asanakwere pansanja, ndi nthawi imene adzayimbe. Mmodzi kapena awiri mwa iwo aziyimba madzulo anthu atasonkhana. Osankha oyimbawo asakhale khansala kapena phungu, chifukwa tikudziwana ndipo tikudziwa mmene zingathere. Asankhidwe pa mpikisano wapoyera m'maholo aja, pamaso pa anthu. Ofesi ya achinyamata ikhoza kulemba chitsanzo cha mgwirizano cha tsamba limodzi, m'Chichewa, choti woyimba aliyense azinyamula popita kukakambirana ndi akomiti ya ukwati, eni malo ogona alendo kapena andale. Pomwepo mulembenso poyera, pabolodi la khonsolo, ndalama zimene munthu amalipira kuti achititse chisangalalo chaching'ono ndi ofesi imene amalipirako, kuti wachinyamata asamangomvera za m'maluwa.

Kwa inu a COSOMA, ndikuyamba ndi kuthokoza, chifukwa lamulo loteteza umwini wa luso la 2016 lili ndi zinthu zabwino. Limati mwini nyimbo ali ndi ufulu pa ntchito yake moyo wake wonse, ndipo ana ake amapitiriza kupindula kwa zaka 50 iye atamwalira. Linabweretsanso msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi mamemori khadi, womwe cholinga chake ndi kubwezera oyimba zimene amataya anthu akamakoperana nyimbo, ndipo tamva oyimba ena akuyamikira ndalama zimene analandira. Vuto ndi lakuti ndalama zimenezi zimapita kwa amene analembetsa umembala ndi nyimbo zawo, ndipo ambiri mwa anyamata amene ndimagwira nawo ntchito sanalembetse. Ena sadziwa kuti ayenera kutero, ena amaganiza kuti bungweli ndi la oyimba a m'mizinda okha, ndipo ena alibe ndalama yokwerera minibasi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe. Malo omwera mowa, malo ogona alendo ndi oika nyimbo pamsika amayenera kulipira chiphaso chanu; ngati mumatha kufika kuno kudzatolera, mungathenso kufika ndi mafomu. Tsiku limodzi pa miyezi itatu iliyonse, pa tebulo limodzi kuofesi ya khonsolo, mutalengeza pawailesi za m'madera, lingakwanire. Ndikupemphanso kuti pogawa ndalama muziganizira zimene zimayimbidwa m'maukwati, m'minibasi ndi pawailesi za m'madera, chifukwa nyimbo ikhoza kuvinidwa kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa osamvekapo n'kamodzi komwe pawailesi zikuluzikulu. Amayi a chimtali aja, omwe ng'oma zawo zili m'nyimbo za achinyamatawa, nawonso akufunika kuwafotokozera gawo lawo.

Aphungu athu, gawo lanu ndi la maphunziro. Ku Senga Bay tili ndi Salima Technical College, komwe achinyamata amaphunzira ntchito zamanja pansi pa ndondomeko ya bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA. Kulumikiza zida zoyimbira, kusakaniza mawu, kuyatsa nsanja ndi kukonza masipika ndi ntchito zamanja monga zilili zamagetsi ndi zowotcherera, ndipo phwando lililonse lalikulu limafuna amisiri otere kwa masiku angapo. Pakalipano ambiri mwa ife tinaphunzira poononga zida ndi pogwidwa ndi magetsi. Maphunziro a miyezi yochepa okhala ndi satifiketi angapatse woyimba ntchito yachiwiri yogwirizana ndi luso lake, yoti aziidalira mawu akadzatha kapena dzina likadzazilala, komanso angateteze makutu a anthu ambiri. Nkhani imeneyi mukhoza kuifikitsa ku unduna woyenera, ndipo holo ndi mapanelo aja ndi zinthu zimene thumba la chitukuko cha m'madera anu lingakwanitse.

Sindingatseke osanena za atsikana. Alipo m'boma lino amene amarapa bwino kuposa anyamata, koma ambiri amasiya msanga, chifukwa situdiyo ndi chipinda chogona cha mwamuna, nthawi yojambula ndi usiku, ndipo amene ali ndi mphamvu yoika dzina pa ndandanda ya oyimba nthawi zina amafuna malipiro amene sindingawalembe m'kalata yopita kwa mafumu. Holo yamasana, mpikisano wapoyera ndi mgwirizano wolemba zingawathandize iwowa koposa wina aliyense, ndipo makolo amene lero amabisa nsapato za mwana wawo kuti asatuluke angathe kupita naye n'kukakhala kutsogolo.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo nyengo ya maukwati ndi maphwando imabwera miyezi yochepa pambuyo pake. Ndikupempha Wapampando wa khonsolo kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana za komiti yoona za achinyamata ndi chikhalidwe ndondomeko ya zachuma isanatsekedwe, kuti oyimba eni ake, ma DJ, ojambula nyimbo ndi eni malo ogona alendo aitanidwe kudzalankhula okha, ndiponso kuti zimene mudzagwirizane mudzazilengeze poyera, pawailesi, m'Chichewa.

Ine wanu mwaulemu,
Wobwereketsa zida zoyimbira,
Kamuzu Road, Salima.